Kagalu kakutsimphina: zoyang'ana, zochita, ndi nthawi yothamangira kwa a vetenale

Ambiri a ife tinakula ndi agalu akumudzi, osaka aja, amene akavulala amakagona kuseri kwa nkhokwe masiku atatu n'kudzuka okha. Maganizo omwewo timawatengera pa tiagalu tam'nyumba, ti Maltese, ti Chihuahua, ti Jack Russell, tolemera makilogalamu atatu kapena asanu. Koma fupa la mwendo wakutsogolo wa kagalu kotere n'lowonda ngati pensulo, ndipo limatha kuthyoka kagalu kakangodumpha pa sofa.

Kathu kanapulumuka m'manja mwa mwana n'kugwera pakhonde la simenti. Kanalira kamodzi, kenako zii, n'kukabisala kunsi kwa bedi kamwendo kali lende. Tinakamanga ndi timitengo tiwiri ndi kansalu ka chitenje, tikuyesa tikuthandiza. Pofika mawa lake madzulo zala zinali zitatupa ngati mtedza wonyika m'madzi, zozizira ukazigwira. Dokotala atamasula anatiuza kuti chimene chikanadulitsa mwendowo ndi kumanga kwathuko, osati kugwa kuja. Chiyambire pamenepo ndaona zomwezi kwa anansi ndi abale kangapo konse: vuto laling'ono limakula chifukwa cha kudikira, mapiritsi a anthu, bandeji yothina, ndi kukalola kuthamanga msanga.

## Musanagwire mwendo

Galu akamamva ululu amaluma ngakhale mbuye wake. Kakulungeni ndi thaulo kapena chitenje, wina agwire mutu mofatsa. Ngati kakufuna kuluma, mangani kukamwa ndi kansalu kofewa, mfundo ipite kuseri kwa makutu. Musamange kukamwa kagalu ka mphuno yaifupi ngati Pug, kapena kamene kakusanza kapena kubanika.

Yambani ndi kagalu konse, mwendo pambuyo. Tukulani mlomo muone nkhama: zabwino zimakhala zofiirira, ndipo mukadina ndi chala zimayera n'kubwerera mtundu wake masekondi awiri asanathe. Mukatero yambirani kuzala kukwera m'mwamba, pang'onopang'ono, mukuyerekeza ndi mwendo wabwinowo. Pamene kakokere mwendo kapena kulira, ndi pomwepo. Musapinde, musakoke, musayese kuwongola.

## Zikafika apa, nyamukani

- Fupa likuoneka, kapena mwendo wapindika pamalo popanda mfundo
- Kagundidwa ndi galimoto, njinga yamoto kapena kabaza, ngakhale kadzuka n'kuyenda
- Nkhama zayera, zachita chikasu kapena zabiliwira
- Magazi sakusiya mutadina mphindi 10
- Miyendo yakumbuyo yafooka, kapena kakulephera kukodza
- Kalumidwa ndi galu wamkulu, galu wosadziwika, kapena njoka

Kaikeni m'katoni kapena m'beseni moyalamo thaulo, mwendo wovulala ukhale pamwamba. Musakapatse chakudya, chifukwa mwina kafunika kugonetsedwa. Ku Lilongwe kuli chipatala cha ziweto cha bungwe la LSPCA, ku Blantyre kuli cha bungwe la BSPCA, ndipo m'mizinda yonse iwiri muli madokotala a ziweto oima paokha. Kumaboma yambirani kwa a vetenale a boma kapena alangizi a ziweto ku ofesi ya zaulimi. Imbani kaye mufunse ngati ali ndi makina ojambulira mafupa, kuti musazungulire ndi kagalu kali m'ululu.

## Kakutsimphina koma kakupondetsa mwendo

Ichi ndiye chofala kwambiri, ndipo nthawi zambiri yankho lili kuphazi.

1. China chalowa m'phazi. Munga, kagalasi, kawaya, njere ya udzu. Tambasulani zala chimodzichimodzi pa dzuwa kapena ndi tochi ya foni. Tiagalu ta ubweya wambiri timabisa zinthu pakati pa zala, ndiye metani ubweyawo ndi sizasi. Munga wooneka uzuleni molunjika mmene unalowera. Ukathyokera mkati musaufukule ndi singano kapena lezala.
2. Chikhadabo chathyoka. Onaninso kachikhadabo kam'mbali kaja, kamene sikagunda pansi, chifukwa kamakodwa m'nsalu ndi m'mphasa. Magazi amatuluka ambiri kuposa kukula kwa bala. Dinani ndi kansalu, kapena pakani ufa woyera pang'ono pansonga. Chikang'ambika mpaka patsinde, akachichotse a dokotala.
3. Kabinya. Palibe bala, pamfundo pangotupa pang'ono. Ikanipo chozizira chokulunga m'kansalu, ngakhale filizesi, kwa mphindi 10, katatu patsiku, masiku awiri oyamba. Kapume, osadumpha, osathamanga.
4. Phazi lapsa. Mu Okutobala ndi Novembala phula ndi mchenga zimawotcha. Khungu la pansi pa phazi limafiira kapena kusupuka. Viikani m'madzi ozizira. Poyenda nako, ikani kuseri kwa dzanja lanu pa msewu: mukalephera kupirira masekondi asanu, nakonso sikangapirire. Phulusa la pambaula lomwe mwataya kuseri nalonso limasunga moto.
5. Tizilombo pakati pa zala. Nkhupakupa, ndipo m'malo a mchenga matekenya. Nkhupakupa igwireni pafupi ndi khungu n'kuikoka molunjika. Musaiwotche ndi machesi kapena kuithira palafini.
6. Nyamakazi, ngati kagalu n'kokalamba. Kamauma podzuka m'mawa, makamaka mu Juni ndi Julaye, n'kumasuka kakayendayenda. Pogona pofunda ndi kuchepetsa thupi zimathandiza kwambiri, koma mankhwala ake achokere kwa dokotala.

Potsuka bala, sungunulani supuni yaing'ono imodzi ya mchere mu theka la lita la madzi owiritsa ozizira. Kakapitirira kutsimphina maola 24 mpaka 48 popanda kusintha, kapena kakasiya kudya, pitani nako.

## Kanyamula mwendo, sikakuuponda n'komwe

Apa ndi pamene anthu amataya masiku. Galu amayenda bwinobwino ndi miyendo itatu, amadya, amagwedeza mchira, ndiye mwini wake amati kali bwino.

1. Fupa lathyoka. Pa tiagalu tating'ono malo ofala ndi mwendo wakutsogolo, pamwamba pang'ono pa mfundo ya phazi. Kagwa m'manja, kadumpha pa bedi, kapondedwa, kapanidwa ndi chitseko. Pamatupa, phazi limalendewera kapena kuloza kumbali.
2. Munga wozama kapena chotupa cha mafinya kuphazi. Phazi limatentha, ndipo kamalinyambita osalekeza.
3. Mtsempha wa m'bondo waduka. Ndi mwendo wakumbuyo, kawirikawiri pa kagalu konenepa kamene kanatembenuka mwadzidzidzi kakuthamanga. Kakakhala pansi kamatayira mwendowo kumbali.
4. Mfundo ya ntchafu yaguluka, makamaka kakagundidwa. Mwendo umaoneka waufupi. Kuibwezera kumatheka bwino m'masiku oyambirira, ikachedwa pamafunika opaleshoni.

Za kuthyoka kwa mwendo wakutsogolo ndikhalepo pang'ono, chifukwa n'zimene zinatigwera. Pa tiagalu tating'ono, kumunsi kwa fupa limeneli kumafika magazi ochepa poyerekeza ndi agalu akuluakulu. Fupa lopanda magazi okwanira limachedwa kulumikizana, ndipo nthawi zina silumikizana n'komwe. N'chifukwa chake chikhakha chokha, chimene chimachiza galu wamkulu, chimalephera kawirikawiri pa kagalu ka makilo atatu, ndipo madokotala amakonda kuika kachitsulo ndi timisomali. Mukauzidwa za opaleshoni musafulumire kuganiza kuti akungofuna ndalama. Funsani mtengo wonse, funsani ngati mungalipire pang'onopang'ono, funsani chimene chingachitike mukasankha chikhakha. Ndalama zikavuta, nenani poyera. Ndi bwino dokotala aike chikhakha chake n'kumachiona sabata ndi sabata kusiyana ndi timitengo tapakhomo.

Pakhomo ntchito yanu ndi imodzi: kagalu kasayende. Musamange chilichonse ngati ulendo wa kwa dokotala uli wa tsiku lomwelo. Thaulo lopinda mozungulira thupi m'katoni ndi lokwanira.

## Kamadumphira mwendo wakumbuyo kenako n'kuyenda bwino

Kakuthamanga, mwadzidzidzi kanyamula mwendo umodzi wakumbuyo, kadumpha katatu kanayi ndi miyendo itatu, katambasula mwendo uja n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Ana amaseka, akulu amati ndi kayendedwe kake.

1. Kafupa ka pamwamba pa bondo kakutsetsereka. Kafupa aka kamayenda m'kangalande, ndipo pa mitundu ngati Pomeranian, Yorkshire Terrier, Chihuahua ndi Maltese kangalandeko kamakhala kosaya chibadwire. Madokotala amagawa vutoli m'magawo anayi. Gawo loyamba kafupa kamabwerera kokha, ndipo nthawi zambiri chofunika ndi kusanenepetsa kagalu ndi kukayendetsa modekha tsiku ndi tsiku. Gawo lachitatu ndi lachinayi kafupa kamakhala kunja nthawi zonse, miyendo imachita matewe, ndipo pamafunika opaleshoni. Musamakankhire kafupako nokha.
2. Mutu wa fupa la ntchafu ukufa. Amati nthenda ya Legg-Calvé-Perthes, ndipo imagwira tiana ta agalu ang'onoang'ono ta miyezi 4 mpaka 12. Kutsimphina kumayamba pang'ono n'kumakula kwa masabata, ntchafu imodzi n'kumawonda. Ikapezeka pojambula, dokotala amachotsa mutu wa fupawo, ndipo tiagalu topepuka timayendanso bwino.

Izi si zothamangira usiku, koma musazisiye miyezi. Kajambuleni pa foni kakudumpha chonchi, chifukwa kwa dokotala kamakayenda bwinobwino.

## Mwendo watupa

1. Mafinya a bala lolumidwa. Mano a galu kapena mphaka amasiya kabowo kakang'ono kamene kamatsekeka msanga, majeremusi ali mkati. Pakatha masiku awiri kapena atatu pamatupa, pamatentha, kagalu kamazizidwa. Pamafunika kutumbula ndi mankhwala a dokotala. Galu wamkulu akaluma kagalu amakagwedeza, ndiye zowonongeka mkati zimakhala zambiri kuposa zooneka kunja.
2. Mphutsi za pakhungu, makamaka nthawi ya mvula ndiponso pa tiana. Ntchentche yake imaikira mazira pa dothi kapena pa zofunda zonyowa ndi mkodzo. Mumaona tizithupsa tokhala ndi kabowo pakati, ndipo mukayang'anitsitsa mumaona kanthu kakugwedera. Matani Vaseline pabowo kuti mphutsi isowe mpweya, dikirani pang'ono, finyani mofatsa kuchokera m'mbali kuti ituluke yathunthu, tsukani ndi madzi amchere. Zikachuluka, kapena kamwana kakafooka, akachotse a dokotala. Zofunda zake muzichapa, kuyanika pa chingwe osati pansi, ndi kusita.
3. Njuchi, mavu kapena kalizi. Kamalira mwadzidzidzi, phazi n'kutupa m'mphindi zochepa. Chotsani mbola, ikanipo chozizira. Nkhope ikayamba kutupa kapena kakamapuma movutikira, thamangani.
4. Njoka. Mphiri imatupitsa mwendo wonse mofulumira, ndipo ululu wake ndi woopsa. Musatemere, musayamwe, musamange chingwe. Kanyamuleni, kasayende, pitani.
5. Chotupa cholimba chomakula pang'onopang'ono pa galu wokalamba. Chikaonedwe msanga.

Bala lililonse lolumidwa ndi galu wosadziwika limabweretsa nkhani ya chiwewe. Tengani khadi la katemera popita. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies lakhala likutemera agalu mwaulere kuyambira 2015, ndipo a vetenale a boma nawonso amakhala ndi nyengo ya katemera, koma kagalu kam'nyumba ndi kamene kamaiwalika chifukwa amati sikatuluka kumpanda.

## Bala likutuluka magazi

Dinani ndi nsalu yoyera mphindi 5 mpaka 10 osasuzumira. Ikanyowa onjezani ina pamwamba, musachotse yoyambayo. Bala loyasama, lozama, kapena la pansi pa phazi likasokedwe tsiku lomwelo. Musathiremo dibi, oyilo wakuda wa galimoto, Jik, spiriti, palafini kapena phulusa. Zonsezi zimawotcha mnofu womwe ukanapola, ndipo kagalu kamazinyambita.

## Miyendo yakumbuyo yafooka kapena kakuikoka

Apa vuto silikhala m'mwendo kawirikawiri. Yesani izi: kali chiimire, pindani phazi lakumbuyo kuti pamwamba pa zala pagunde pansi. Galu wabwino amalibweza nthawi yomweyo. Kakalisiya chipindire, uthenga wochokera kumsana sukufika.

1. Msana. Kanyama kofewa ka pakati pa mafupa a msana kamatuluka n'kupana mtsempha waukulu. Dachshund, agalu a soseji aja, ndiwo amavutika kwambiri. Kamabenda msana, kamanjenjemera, kamalira mukakanyamula. Maola ndi ofunika pano. Kanyamuleni msana uli wowongoka, dzanja lina pachifuwa lina kumbuyo, kapena pa kathabwa.
2. Chiuno kapena msana wathyoka kagalu katagundidwa kapena kumenyedwa.
3. Matenda a nkhupakupa. Thupi limatentha kupitirira madigiri 39.5, pomwe labwino limakhala pakati pa 38 ndi 39. Nkhama zimayera kapena kuchita chikasu, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, kagalu kamadzandira. Amachizika akapezeka msanga, akachedwa amapha m'masiku ochepa.
4. Chiwewe. Si chiwewe chonse chimene chimalusitsa. China chimangofoola miyendo, nsagwada n'kulendewera, dovu n'kumatuluka, kulira kwake n'kusintha. Kagalu kosatemera kakaonetsa izi, musapise dzanja m'kamwa poganiza kuti katsamwa fupa. Katsekereni, ana atalikire, itanani a vetenale. Amene walumidwa kapena kukandidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

## Kamwana kakutsimphina uku ndi uku, miyendo ikupindika

Funso loyamba ndi loti kakudya chiyani. Kamwana ka galu kokulira nsima yotsala ndi msuzi, kapena nyama yokhayokha yopanda china, sikapeza kashiamu wokwanira wolimbitsa mafupa. Mafupa amafewa, amapindika, ndipo amathyoka popanda kugwa kwenikweni. Chakudya chogula cha tiana ta agalu ndicho chosavuta kulinganiza. Chikadula, sinjani usipa kapena bonya wosathira mchere, ndi minga yake yomwe, n'kusakaniza m'phala lake, muonjezere dzira lophika. Musakamwetse mapiritsi a kashiamu mwachisawawa, chifukwa akachuluka nawonso amapotoza mafupa. Kamene kayamba kale kupindika kakaonedwe, ndipo kasamadumphe mpaka mafupa alimbe.

## Mankhwala a m'nyumba mwanu

Izi ndizinena mosapsatira chifukwa zapha tiagalu tambiri tomwe mwendo wokha sukanatipha. Brufen, Indocid, diclofenac ndi aspirin si za galu wanu. Zimaboola m'mimba ndi kuwononga impso, ndipo zizindikiro zake ndi kusanza, chimbudzi chakuda ngati phula, ndi kufooka. Piritsi limodzi la Panado lili ndi mamiligalamu 500, ndipo kwa kagalu ka makilo atatu limenelo ndi lokwanira kuwononga chiwindi. Kugawa pakati sikuthetsa vuto. Alipo mankhwala a ululu opangidwira agalu, monga meloxicam ndi carprofen, omwe dokotala amapereka atakayeza kulemera. Ngati mwakamwetsa kale china, muuzeni dokotala dzina lake, kuchuluka kwake ndi nthawi. Musabise chifukwa cha manyazi, pakuti akaonjezera mankhwala ake pamwamba pa anuwo ngozi imakula.

## Mwabwerako kwa dokotala, koma zikuvutabe

Zala zatupa, zazizira, kapena bandeji ikununkha. Yathina, yatsetsereka, kapena yanyowa. Zala ziwiri zapakati ziyenera kuoneka kunsonga, ndipo muzizigwira m'mawa ndi madzulo. Zikatalikirana, ndiye kuti zatupa. Bwererani tsiku lomwelo. Potuluka kukadzithandiza, valikani jumbo pa bandeji, mukalowa muvule, chifukwa ikakhalitsa imachititsa thukuta n'kuwoletsa khungu.

Kakunyambita kapena kutafuna ulusi. Mawu oti malovu a galu ndi mankhwala asokosola mabala ambiri. Valikani chipewa chapulasitiki chonga fanulo chija, usiku womwe. Chikasowa, dulani katoni yolimba kapena kandowa kapulasitiki kopanda pansi, matani tepi m'mphepete, kapitirire nsonga ya mphuno. Pakhosi pazilowa zala ziwiri. Ulusi amachotsa pakatha masiku 10 mpaka 14. Kagalu koyamba kutafuna mwadzidzidzi bandeji yomwe kanaizolowera kakukuuzani kuti mkati muli china chikupweteka.

Kakusanza kapena kakana chakudya kali pa mankhwala. Siyani kaye mankhwala a ululu, imbani foni. Musaphatikize mlingo umene munaiwala ndi wotsatira.

Kanayamba kuponda, tsopano kanyamulanso mwendo. Nthawi zambiri kanathamanga kapena kudumpha. Mankhwala akachotsa ululu kagalu kamaiwala kuti kali ndi bala, ndipo sabata yachiwiri ndi yachitatu ndiyo yoopsa, pamene pakhomo onse ayamba kukamvera chisoni. Fupa la kamwana limalimba pakatha masabata 4 mpaka 6, la galu wamkulu masabata 8 mpaka 12, ndipo amene anganene kuti lalimba ndi dokotala atajambulanso.

Masabata amenewa ndiwo ovuta kwenikweni. Kathu tinakatchingira pakona ya pabalaza ndi matebulo awiri ogoneka chammbali, malo okwana mita imodzi uku ndi uku, mphasa pansi, bulangete pamwamba. Masiku atatu oyamba kanalira mpaka tonse tinasowa tulo, ndipo chinathandiza ndi kuika malowo pomwe anthu amakhala, osati kuchipinda kwa kokha. Kunja kamapita konyamulidwa, kali pa chingwe, mphindi zisanu, n'kubwerera. Chakudya tinachepetsako pang'ono popeza sikamayenda. Dokotala atalola, tinayamba ndi mphindi zisanu za kuyenda pa udzu kawiri patsiku, n'kumaonjezera pang'ono sabata iliyonse. Pa matailosi tinayala timphasa kuti kasamaterereke, pa sofa sikakweranso, ndipo mwana wofuna kukanyamula amayamba wakhala pansi.